Nsapato Zimene Ndinaveka Amalume

Nsapatozo ndinazigula pa kaunjika ku Lunzu, tsiku la msika, chaka chimene ndinayamba ntchito yonyamula katundu kubwalo la ndege ku Chileka. Zinali za kanvasi, zakuda, zija zazitali zokwera mpaka kuphimba akakolo, kutsogolo kuli mphuno yoyera ya labala, zingwe zake zazitali ngati zomangira mbuzi. Wogulitsayo atangozitulutsa m'thumba ndinazitsomphola munthu wina asanatambasule dzanja. Ndinayesa phazi limodzi lokha nditaima pa katoni, ndipo chala chaching'ono chinadandaula pomwepo. Ndinachiuza kuti chizolowera.

Sichinazolowere. Ndinene zoona pano, chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepa: nsapato zimenezi n'zokongola koma zilibe chisoni. Pansi pake ndi pathyathyathya, popyapyala, moti ukaponda kamwala umakamva mpaka m'mano. Kutsogolo n'kopanikiza, zala zimakhala ngati anthu a mu minibasi ya madzulo, anayi pa mpando wa atatu. Kumbuyo nsalu yake imapala chidendene pang'onopang'ono osakuuza. Dzuwa likaswa mtengo labala uja amatentha, phazi n'kumapsa m'kati. Kuvula kwake nakonso ndi ganyu. Umayenera kukhala pansi, kumasula chingwe bowo ndi bowo, kenako n'kukoka ndi manja awiri. Zonsezi palibe anachita kundiuza, ndinazidziwa ndi mapazi angawa.

Koma inu, ndikazivala! Ndinkapinda jinzi kawiri kuti akakolo aonekere, mphuno zoyera zija nditazikwecha ndi mswachi wakale ndi sopo. Lamlungu masana ndinkakhala pa benchi panja pa ometa tsitsi, mwendo wina pamwamba pa unzake, anthu n'kumapereka moni kwa nsapato asanapereke kwa ine. Ndinaphunzira kukhala nazo mwanzeru. Zinali nsapato zokhalira, osati zoyendera. Ulendo uliwonse wopitirira pa sitolo ndinkavala nsapato zanga za kuntchito, zachikopa, zotakasuka, zonyansa ngati mabuledi awiri, zimene munthu umatha kuima nazo tsiku lonse osakumbuka kuti uli ndi mapazi.

Mtsikana amene lero ndi mayi wa ana anga ankagulitsa m'golosale ina pomwepo pa Chileka. Kwawo ndi ku Lirangwe. Mawu ake oyamba kwa ine anali onena za nsapato zomwezo. Anasuzumira pa kauntala n'kunena kuti, "Achimwene, nsapato zanuzo mumazigoneka pabedi inu n'kugona pansi eti?" Ndinabwererako mawa lake kukagula machesi amene sindinkawafuna. Patatha chaka tinagwirizana kuti zachibwana zithe, ndikaonekere kwawo.

Munthu sukadzifunsira wekha mbeta. Pamafunika nkhoswe, ndipo nkhoswe yanga sikanakhala ina koma amalume, achimwene awo a malemu mayi anga. Ndi amene anandilera kuchokera pamene mayi anatisiya ndili sitandade faifi. Ndi mlimi wa chimanga ndi nandolo kuseri kwa Chileka, munthu wamtali, wolankhula modekha, amene moyo wake wonse anauyenda wapansi. Ku Mdeka ankapita wapansi kukaona abale n'kubwerako, akunena kuti minibasi imawapweteka msana. Kumapazi kwawo sindinaoneko china koma nsapato za matayala, zija amadula pa tayala la galimoto n'kukhomera malamba. Kutchalitchi zomwezo, kumaliro zomwezo. Zaka zingapo m'mbuyomo anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo mwezi ndi mwezi ankapita ku kiliniki kukatenga mankhwala, wapansi, ndi matayala awo omwewo.

Tsono bwenzi langalo linali litandiuza kuti amene adzatilandire kwawo ndi amalume ake, aphunzitsi opuma pa ntchito, munthu woti ngakhale kumunda amapita malaya atapisira. Anangonena mocheza. Ine mawuwo anandikhala pamtima sabata yathunthu.

Tsikulo linali Loweruka, mwezi wa Novembala, mvula isanagwe. Amalume anafika kunyumba imene ndinkachita lendi dzuwa litangotuluka. Anavala jekete yawo ya bulawuni, thalauza losita bwino ndi simbi ya makala, tsitsi atameta. Anaoneka bwino ndithu, kuchokera kumutu mpaka m'mawondo. Maso anga anatsikira pansi n'kuima pa matayala aja, ndi zidendene zawo zong'aluka zoyera ndi fumbi.

"Amalume, ndi zimenezi mukupita nazo?"

Anadziyang'ana kumapazi. "Zatani? Ku Mdeka zimandifikitsa, zikalephere pa Lirangwe pompa?"

"Si za kuyenda ayi, amalume. Kumene tikupitaku ndi kwa anthu."

Kwa anthu. Ndinatero ine, kwa munthu amene anagulitsa mbuzi zake kuti ine ndilembe mayeso. Amalume sanakwiye. Anakhala kanthawi akuyang'anabe mapazi awo ngati akuwaona koyamba, kenako anati, "Ndiye nditani, mphwanga? Zina ndilibe."

Pansi pa bedi langa panali mapeyala awiri: za kuntchito zija ndi za kanvasi zija. Ndinagwada n'kuzitulutsa zonse, ndipo ndikukumbuka bwinobwino zimene zinkayenda m'mutu mwanga. Bwenzi langa linali litandichenjeza kuti kuchokera pa siteji ya Lirangwe kukafika kwawo ndi kaulendo ndithu, ndipo munthu wa kumudzi akati kaulendo, konzeka. Ndinadziwa kuti amene avale za kanvasi alira nazo. Phazi la amalume linali lalikulu kuposa langa, lotambalala, phazi la munthu amene zala zake sizinapanikizidwepo chibadwire. Za kuntchito zija zikanawakwana bwino. Ndinaziyang'ana, n'kudziuza kuti mkamwini ayenera kukaoneka wofatsa, wa nsapato zachikopa, osati ngati mnyamata wa pa benchi. Chifukwacho chinamveka chanzeru. Koma chenicheni chinali chakuti sindinkafuna kupweteka. Ndinakankhira za kanvasi kwa amalume.

Anakhala pa mpando, ine n'kugwada patsogolo pawo. Ndi sokosi phazi linakana kulowa, choncho sokosi tinavula. Ndinamasula zingwe zonse, n'kulowetsa supuni kumbuyo kwa chidendene, n'kukankha mpaka phazi linalowa. Kenako ndinamanga mmene ndinkamangira ine, kukoka bowo lililonse, chingwe chotsala n'kuchizunguliza kawiri pa kakolo, n'kumaliza ndi mfundo ziwiri zothina kuti zisamasuke panjira.

"Zikukupwetekani?"

Anaimirira n'kupondaponda. "Ayi. Mapazi angawa masiku ano samva kanthu, amangochita dzanzi. Akuti ndi shuga yemweyu."

"Ndiye bwino," ndinatero.

Mawu awiri amenewo ndimawamvabe. Munthu akundiuza kuti mapazi ake anafa dzanzi, ine n'kuona ngati mwayi.

Potuluka anatola matayala awo n'kufunsa ngati ndili ndi jumbo, kuti awanyamule, ayende nawo panjira, za kanvasizo akavale tikayandikira. Anali maganizo abwino, a munthu wodziwa ulendo. Ine ndinakana. Ndinati nkhoswe yolowa pakhomo pa eni ake itanyamula jumbo ya nsapato zakutha, anthu adzati chiyani? Ndinawalanda n'kuwaponya pansi pa bedi.

Tinakwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kukwera ina ya ku Lirangwe. Kondakitala atawaona anati, "Madala mwatchenatu. Mukukakwatira ndinu kapena mwanayu?" Anthu anaseka, amalume nawonso anaseka, n'kutambasula mwendo kuti mayi wina amene anakhala pambali pawo aone bwino. Ndinasangalala. Ndinaona ngati ndawachitira chinthu chachikulu.

Ku Lirangwe kumatentha mosiyana ndi kwathu. Tinatsika cha m'ma naini koma dzuwa linali kale la masana. Akabaza anatizungulira, ine n'kufuna kuti tikwere, koma amalume anakana. Anati munthu wokapempha safika pakhomo atakwera ngati bwana woyendera sukulu, eni ake aone fumbi kumiyendo adziwe kuti tavutikira mwana wawo. Pa zimenezi sindikanawatsutsa, mwambo ankaudziwa ndi iwo. Tinauyamba wapansi, msewu wafumbi wa miyalamiyala, kudutsa minda yolimidwa kale mizere yongodikira mvula.

Chibadwire ndinali ndisanawapitirirepo amalume poyenda. Ndili mwana ndinkachita kuthamanga kuti ndiwapeze. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti ndikumaima kuwadikira. Ankanyamula mapazi m'mwamba ngati munthu woyenda m'matope, n'kumawaika pansi mosamala. Sanadandaule. Ankandiphunzitsa za kumene tikupita: ukafika usalankhule, moni uyankhe mwachidule, maso pansi, zonse ndinena ndine, ngakhale akunene kuti mphuno yako ndi yokhota iwe ungoti zikomo. Ine mapazi anga anali pa mtendere m'mabuledi anga aja.

Titayenda kupitirira ola limodzi anakhala pa muzu wa mlambe kuti apume. Anawerama n'kuyamba kutokosa mfundo ija ndi zala zawo zokhakhala.

"Ndimati ndimasuleko pang'ono. Mwendowu ukulemera."

"Zisiyeni amalume, tafika kale. Mukamasula simuthanso kumanga mmene ndamangiramo."

Anandiyang'ana, n'kuisiya. Kunali kusanafikidwe. Tinayendanso pafupifupi ola lina.

Anatilandira bwino. Pakhonde anayala mphasa, amayi atakhala chapatali pansi pa mtengo wa mango, ndipo pakati pawo ndinazindikira mayi ake a bwenzi langa. Iwowa tinali titaonanapo kamodzi ku Chileka atabwera kudzaona mwana wawo, ine n'kudziwitsidwa ngati mnzake wa kukwaya. Kenako anatuluka aphunzitsi aja, amene ndinawaopa sabata yonse. Malaya anapisiradi. Kumapazi anavala mapatapata akale, lamba wina atamangidwa ndi waya. Anawavula m'mphepete mwa mphasa n'kukhala pansi, zidendene zawo zong'aluka chimodzimodzi ngati za amalume.

Pamphasa sapondapo ndi nsapato, aliyense amadziwa. Ine zanga ndinangozipotokola ndi chala, zinavuka. Amalume anawerama n'kuyamba kulimbana ndi mfundo zanga zija. Anakoka uku, anakoka uko, mfundo n'kumathinirathinira. Pakhonde anthu onse ankadikira kuti apereke moni. Ndinali nditakhala pafupi moti ndikanangotambasula dzanja. Koma kumasula kukanaonetsa kuti womanga ndine, ndipo nsapatozo ndi zanga. Ndinabisala mu mwambo umene anandiphunzitsa panjira uja. Maso pansi, pakamwa potseka.

Mapeto ake anakhala m'mphepete penipeni mwa mphasa, mapazi ali kunja pa dothi, mwammbali ngati mwana wolangidwa. Anaomba m'manja n'kunena kuti, "Mutikhululukire eni khomo. Mfundo yandikanika, zala zakalamba. Si mwano ayi."

"Palibe kanthu bambo, khalani momwemo," anatero aphunzitsi. "Ifenso mafasho a masiku anowa anatipitirira."

Kenako amalume analankhula. Sindinawamvepo akulankhula chotero. Anayamba ndi kumene tachokera, mtundu wathu, mayi anga ndi imfa yawo, mmene anandilerera. Anati mwanayu si wangwiro, ali ndi kamtima kothamanga ndiponso amakonda kudziyang'ana pagalasi, koma ntchito amagwira ndipo sanagonepo m'chitokosi. Anati taona nkhuku yathadzi pakhomo pano, tabwera poyera masana kudzapempha, chifukwa olowera kuseri ndi akuba. Aphunzitsi ankangogwedeza mutu. Anaitana mtsikanayo kumufunsa ngati akutidziwa, iye n'kuvomera ali chogwada. Mawu athu analandiridwa.

Pamene zonsezi zinkachitika, ine maso anali pansi monga anandiuzira, ndipo pansipo ndi pamene panali mapazi a amalume. Pa nsapato ya kumanzere, cha kumbali kwa chala chaching'ono, panatera ntchentche. Inauluka n'kubweranso, kenako zinakhala zitatu. Nsaluyo ndi yakuda, sionetsa kanthu, koma pamalopo fumbi linali litanyowa n'kuchita chikanga. Ndinadziwa chimene chinali m'katimo. Ndinasuntha maso n'kuyang'ana mphasa.

Atatipatsa mpunga ndi nkhuku, mayi ake a mtsikanayo anabwera ndi beseni la madzi n'kugwada pafupi ndi amalume. Anati, "Bambo, bwanji tidule chingwecho mapazi apumeko? Mwayenda mtunda wautali padzuwa."

"Ayi mayi, zikomo. Chingwe cha eni sadula," anayankha amalume akuseka, kenako anadzikonza msanga. "Ndikuti chingwe chabwinobwino."

Mayiwo anakhalabe chogwada. Anayang'ana nsapatozo, n'kuyang'ana ine. Tsiku limene tinaonana ku Chileka lija ndinali nditavala zomwezo, jinzi nditapinda kawiri. Ananyamula beseni lawo n'kubwerera kumtengo wa mango. Pobwerera, ndi iwo amene anaumirira kuti tikwere njinga zamoto mpaka pa siteji, ndipo ulendo uno amalume sanakane.

Tinafika ku Chileka dzuwa litapendeka. Ndinawakhazika pa mpando womwe uja. Mpeni unali pa tebulo pomwepo, koma ine ndinatenga foloko n'kuyamba kutokosa mfundo pang'onopang'ono kuti chingwe changa chisaduke. Ya kumanja inavuka, chidendene chili ndi thuza lalikulu lophulika. Ya kumanzere inakana. Nsalu inali itamatirira ku mnofu. Nditakoka, khungu la chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho linatsalira m'nsapato. M'katimo munali magazi, ena ouma, ena aawisi.

Amalume anawerama n'kuyang'ana modabwa, ngati phazilo ndi la munthu wina. "Taona. Ine osamva n'komwe."

Mulungu andikhululukire, ganizo loyamba limene linandibwerera linali lakuti kodi magaziwa achoka ndi sopo? Linangodutsa kamphindi, koma linadutsa, ndipo ndinalimva. Ndinawatsuka ndi madzi a mchere, n'kumanga kansalu. Ndinawapempha kuti agone, koma anakana, anati mizere ina sinathe ndipo mitambo yayamba kusonkhana. Anavala matayala awo n'kumapita. Pakhomo anatembenuka n'kunena kuti, "Tapeza banja labwino, mphwanga. Anthu aja ndi aulemu."

Mvula inagwa patangopita masiku ochepa. Mlimi sadikira bala kuti lipole mvula yoyamba itagwa. Amalume anadzala munda wonse, phazi lili m'matope, kansalu kaja akusinthasintha. Ine sindinapiteko. Ndinkadziuza kuti ndatanganidwa ndi ntchito ndi zokonzekera chinkhoswe, koma zoona zake n'zakuti sindinkafuna kukaona phazilo. Nsapato zija ndinazichapa, magazi anachoka, ndipo Lamlungu lina ndinakhala nazo pa benchi paja.

Patatha masabata atatu akazi awo a amalume anandiimbira foni. Sanapereke n'moni womwe. Anati, "Bwera udzaone mwendo wa amalume ako."

Fungo linandilandira ndisanalowe m'chipinda. Zala ziwiri zija zinali zitada bii, phazi litatupa mpaka pa kakolo, thupi likutentha. Iwo n'kumati ndi kabala chabe, kapola. Tinawanyamula pa njinga mpaka ku chipatala chaching'ono, kumeneko anangoyang'ana kamodzi n'kutilembera kalata ya ku chipatala chachikulu m'tauni. Adokotala ananena mosabisa kuti zala ziwirizo zichoka, ndipo ngati kuwolako kwalowa m'kati, phazi lonse lichoka. Anati tidziwa akatsegula. Munthu amene munda wake, tchalitchi chake ndi abale ake onse ankawafikira ndi mapazi. Ndinatuluka panja n'kukaima kuseri kwa chimbudzi.

Madzulo a tsiku loti mawa lake alowa ku fiyeta kukachitidwa opaleshoni, kunabwera anesi ena achikulire kudzatsuka balalo. Anali mayi olankhula mokweza, oti wodi yonse imamva. Ine ndinaima kumutu kwa bedi nditagwira buku la kuchipatala la amalume. Anesiwo analitenga, n'kulitsegula, n'kuona masamba a ku kiliniki ya shuga.

"Bambo, balali linayamba bwanji?"

"Nsapato, mayi. Zinandithina."

"Nsapato zotani?"

"Zija za anyamatazi, zofika m'mwamba."

Anesiwo anaika thonje pansi. "Inu bambo inu. Ku kiliniki mumapita mwezi uliwonse, bukuli likuonetsa. Sanakuuzeni kuti munthu wa shuga savala nsapato zothina? Kuti bala la kuphazi limadula mwendo?"

"Anatiuza, mayi. Amatiuza nthawi zonse."

Anatiuza. Tsiku lija ndikuwakankha chidendene ndi supuni, iwo ankadziwa. Popempha jumbo paja ankadziwa. Pansi pa mlambe paja ankadziwa. Anaona kuti mwana wa mlongo wawo akuchita nawo manyazi, n'kusankha kuvala.

"Ndiye munavaliranji? Anakupatsani ndani?"

Apa ndi pamene ndikanalankhula. Panalibe mphasa, panalibe mwambo wonditseka pakamwa. Mawu ake anali ochepa: ndine, mayi, ndinawakakamiza ndine. Amalume sanandiyang'ane n'komwe.

"Ndinagula ndekha pa kaunjika," anatero. "Ndimati nanenso nditcheneko. Ukalamba suletsa kukongola, mayi."

Wodi yonse inaseka. Bambo wina wa bedi loyandikana nalo anaseka mpaka kutsokomola. Anesi aja anapukusa mutu, akuti madala ena inu simumva, mukufuna kupikisana ndi zidzukulu. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Inu ndi mwana wawo? Muziwalangiza makolo anuwa. Taonani tsopano zimene adzichita."

"Tiziwalangiza," ndinatero.

Phazi linapulumuka, koma zala ziwiri zinachoka pamodzi ndi mbali ina ya phazilo. Anakhala m'chipatala mpaka chimanga chinafika m'mawondo, ndipo chaka chimenecho munda wawo tinapalira ndi ife, mochedwa, udzu utakula kale. Chinkhoswe chinachedwa miyezi iwiri kudikira nkhoswe. Atabwera anawakhazika pa mpando, phazi lili m'bandeji, n'kulangiza banja lathu za kupirira ndi kunena zoona. Ine ndinali chogwada patsogolo pawo, anthu akuombera m'manja.

Tsiku lomwelo, anthu akubalalika, apongozi anga aakazi anandipeza ndili ndekha kuseri kwa nyumba ndikusamba m'manja. Mwamwambo sitimayenera kuchezerana, choncho anaima chapatali, akuyang'ana kumbali. Anati, "Bambo, mwana wangayo ndakupatsani. Koma tsiku limene mudzachite naye manyazi, mudzangomubweza kuno ali wathunthu." Anatembenuka n'kubwerera kwa alendo.

Amalume alipo mpaka lero. Amayenda ndi ndodo, motsimphina, phazi lija likuponda chammbali. Ku Mdeka sanapitekonso wapansi. Munda amalima theka, theka linalo anabwereketsa. Kamodzi, tili awiri kumundako, ndinayesa kuyamba nkhaniyi. Ndinati amalume, za tsiku lija. Anandidula. Anati, "Mkazi unam'peza? Ana alipo? Ndiye gwira khasu, dzuwa likupita." Anandikhululukira ndisanapepese, ndipo zimenezo zinandilemera kuposa akanandimenya ndi mpini.

Nkhani ya m'chipatala ija inafika kumudzi ife tisanafike. Kwathu konse amadziwa kuti mkulu uja anataya zala chifukwa chofuna kutchena ndi nsapato za anyamata. Amayi amaopsezera nayo amuna awo. Pa maliro, amuna tikakhala pansi pa mtengo kudikira bokosi, sipalephera wina wowaputa: "Madala a fasho, chaka chino mutigulira sitayilo yanji?" Amalume amaseka, n'kukweza ndodo ngati akufuna kum'menya. Anthu onse amaseka. Ine ndimakhala pomwepo pambali pawo, bambo wa ana atatu, manyazi akundiotcha kumaso, ndipo ndimaseka nawo.